Ndinaferedwa Mwamuna wa Eni

1

Ndinakhalapo namfedwa kwa miyezi itatu mwamuna wanga ali moyo, akudya bwino, akuliza nkonono pambali panga. Nkhaniyi ku Kawale amaikamba mosiyanasiyana, aliyense kuthiramo tsabola wake. Ndatopa nako kumva za ine ndemwe m'minibasi kuchokera kwa anthu osandidziwa n'komwe, ndiye lero muimve kwa mwini wake. Mayina ndasintha, koma amene munalipo mudzizindikira nokha.

Ine ndine amake Maxon. Ndimaphika mpunga ndi nyemba ku Biwi, kuseri kwa magalaja, ndipo ondigula ndi amakaniko ndi madalaivala. Bambo akunyumba, a Jeremiah, amakonza mawailesi mumsika wa Kawale, komanso ndi mkulu wa mpingo. Ndi munthu wamfupi, wofatsa moti nkhuku ikhoza kuwalanda chimanga m'manja. Ana tili nawo atatu, koma wa nkhani ino ndi woyamba, Maxon, amene mu 2004 anali m'chaka chachitatu kukoleji ku Blantyre, kuphunzira uinjiniya wa misewu ndi milatho.

Atabwera ku holide yaitali anandiuza kuti aliyense m'kalasi mwawo ayenera kukagwira ntchito pakampani kwa miyezi itatu, imene amati atachimenti. Wopanda atachimenti sapita chaka chachinayi, amabwereza. Ndinamufunsa kuti nanga malowo amupezera kuti. Anaseka, n'kundionetsa kalata. Akuti malo ukasake wekha.

Ndinafufuza kwa azimayi anzanga, ndipo ndinapeza kuti zimatengera chimene mwana akuphunzira. A unamwino savutika, odwala sasowa. A uphunzitsi amalandiridwa ndi manja awiri, poti aphunzitsi enieni amapezerapo mpumulo. A zaulimi amapita kumaesiteti a fodya, n'kubwerako atada bii. A utolankhani amangokakamira pawailesi, kunyamulira anzawo zingwe mpaka wina awamvere chisoni. Mwana wa Mwanamisi, neba wanga, ankaphunzira akaunti, ndipo sanatuluke n'thukuta lomwe. Bambo ake ananong'oneza mnzawo potuluka mumzikiti Lachisanu, Lolemba mwana ali padesiki mu Old Town.

Koma injiniya amafuna kampani ya magireda ndi malole, ndipo makampani otere amakhala ndi mageti ataliatali ndi alonda osamva Chichewa cha munthu woyenda pansi. Maxon anazungulira Kanengo, City Centre, Area 4, mpaka nsapato inatha chidendene. Kulikonse ankamuuza kuti abwana ali pamitingi, asiye kalatayo. Holide inayamba kudyeka mwana ali pakhomo, akundithandiza kusankha nyemba.

2

Mwa ondigula mpunga munali a Donald Kamphinda. Iwo ndi mng'ono wawo, a Kings, anali ndi kampani yokonza misewu, ndipo a Donald ndiwo ankabweretsa malole kugalaja. Ankadya chiimire, tayi ataiponya paphewa. Anali munthu wamtali, wa makutu otambalala ngati zogwirira poto, wosakonda kulankhula. Kudziwana kwathu kunali komweko: mbale ndi supuni.

Lachinayi lina ndinalimba mtima. Ndinawaonjezera nyemba, n'kuwauza za Maxon. Anatafuna, anameza, anapukuta pakamwa, n'kunena kuti mnyamatayo apite kuofesi Lolemba, akhala atalankhula kale ndi mng'ono wawo. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuimba. Malaya a Maxon ndinasita ndekha, sindinafune kuti wina awaotche kolala.

Loweruka a Donald anagwa kubafa ndi BP, osadzukanso.

Uthengawu unandipeza Lamulungu potuluka m'tchalitchi, kwa makaniko wina wa mpingo wathu. Ndinakhala pansi panjerwa. Mulungu andikhululukire, sindinaganize za mkazi wawo kapena ana awo. Ndinaganiza za malaya ndinasita aja.

Nzeru inachokera kwa Mwanamisi. Anandipeza pakhonde nditagwira tsaya, ndipo atamva, anati ndisakhale chitsiru, ndipite kumaliro ndi mwanayo. A Kings akatione nkhope, kuti podzapita kuofesi kwawo sabata yamawa tisadzakhale alendo.

"Bwana kuofesi samupeza munthu, amake Maxon," anatero. "Koma pamaliro a mbale wake sangathawe. Pamenepo palibe mlonda, palibe sekilitale."

A Jeremiah ndinawauza zoona, kuti ndikukakhuza maliro a kasitomala. Anati ndachita bwino, munthu sadziika yekha. Lolemba m'mawa ine ndi Maxon tinakwera minibasi ya ku Area 47, iye atavala malaya omwe aja.

3

Nyumba yake inali ya mpanda, matenti awiri panja, magalimoto mpaka kumsewu. Maxon ndinamutumiza kwa azibambo, n'kumulangiza kuti azinyamula mipando pamalo pamene a Kings angamuone. Ine ndinalowa m'nyumba mwa azimayi.

Ndinkafuna kulira pang'ono chabe, mwa mwambo, monga amachitira aliyense wongofika. Koma nditaona chithunzi cha a Donald pamwamba pa bokosi, ndinakumbukira kuti lero ndi Lolemba lija. Ndinayamba kulira mokweza. Ndinalirira chaka chobwereza. Ndinalirira miyendo yanga yotupa ndi utsi wa makala umene wandithera maso. Ndinalirira zonse zimene ndinalibe nthawi yozilirira chikwatiwire.

Tsono mudziwe kuti ku Area 47 amalira ndi kansalu kam'manja, kugunditsa m'mbali mwa diso. Ife a ku Kawale timalira ndi thupi lonse. Ndinagubuduka pakapeti ndikutchula dzina la malemu. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Mkazi wa malemu, amene amayenera kumveka kuposa aliyense, anakhala chete n'kumandionerera.

Maxon anazindikira mawu anga ali panja. Ndi manyazi ake analowa m'nyumba mwa azimayi kudzandidzutsa. Tsoka lake, mwana wangayu sanatengere bambo ake. Anatengera malemu bambo anga a ku Dowa: wamtali, makutu otambalala. Anawerama pafupi ndi chithunzi chija, ndipo ndinamva nyumba yonse ikukoka mpweya.

Amene wakhalapo pamaliro a bwana m'tauni muno akudziwa chimene anthu amadikira: mayi wosadziwika wolira kuposa mwini nyumba, kumbuyo kwake kuli mwana.

Dzanja louma linandigwira pamkono. Anali azakhali awo a malemu, a Nachisale, mayi wachikulire wochokera ku Ntchisi, wa maso ngati a kabawi. Anatikokera kuchipinda, n'kutseka chitseko.

"Ndinu ayani, mayi?"

Ndikanati chiyani? Kuti ndine wa mpunga, ndabwera kudzasaka atachimenti maliro asanatuluke m'nyumba? Ndinayang'ana pansi.

"Tinkadziwana," ndinatero.

"Nthawi yaitali?"

"Zaka ndithu."

Limenelo silinali bodza. Azakhali anamuzungulira Maxon ngati akugula ng'ombe. Anamupinda makutu, anamutambasula zala, anamuvulitsa nsapato kuti aone zala zakumiyendo. Atatha ananena kuti uyu ndi Kamphinda, ngakhale wakhungu akhoza kumupapasa n'kudziwa. Anatuma munthu kukaitana a Kings.

A Kings analowa, bambo wonenepa wa suti yakuda. Anamvetsera azakhali awo, n'kutiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditakonzeka kuponyedwa kunja kwa geti. M'malo mwake anafunsa kuti mnyamatayo amachita chiyani. Atamva za uinjiniya ndi za atachimenti, anapumira m'mwamba ngati munthu watula thumba la simenti.

"Ayambe Lachitatu," anatero. "Zinazo tikambirana maliro akatha."

Pamenepo m'pamene ndikanalankhula, ndipo pakamwa ndinatsegula ndithu. Kenako ndinaona nsapato ya Maxon yakutha chidendene ili m'manja mwa azakhali. Ndinatseka.

4

Anandimanga chitenje cha banja, n'kukandikhazika pamatiresi pafupi ndi mkazi wa malemu, mayi Agatha, munthu woyera, wa magalasi, wooneka kuti sanasenzepo ndowa. Ndinakonzekeretsa tsaya langa. Iye anandiyang'ana, anayang'ana Maxon, kenako anasendera kundipatsa malo, n'kundigwira dzanja. Kumanda ku Area 18, pa nthawi yoyala nkhata, anandidzutsa kuti tikayale limodzi, anthu akutalikitsa makosi.

Pobwerera m'minibasi Maxon anadzigwira mpaka pa Old Town. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka ndi phwete.

"Amayi, ndiye tikafika ndikapereke moni kwa ndani? Bambo anga tawaika kale."

Ndinamutsina pantchafu. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, agwire ntchito miyezi yake itatu, ikatha tidzapita kukapepesa. Ku Area 47 n'kutali, ndinatero. Ndani wa ku Kawale angamve?

M'mawa mwake galimoto inandipeza ku Biwi, akuti azakhali akundifuna kokameta. Anandidula tsitsi la patsogolo, chigamba chooneka bwino. Kuyambira tsiku limenelo duku silinachoke kumutu kwanga, ngakhale pogona. A Jeremiah ndinawauza kuti chisanu chikundilowa m'mutu. Anandigulira mankhwala opaka.

Maxon anayamba ntchito. Anamupatsa chipewa choyera ndi majombo, n'kumutumiza kumsewu umene ankakonza cha ku Mchinji. Ankabwera ali fumbi lokhalokha, akukamba za miyala ndi phula ngati akukamba za chibwenzi. Anzake akuntchito ankamutchula Kamphinda wamng'ono, ndipo kapitawo ankamusungira mpando wakutsogolo m'lole. Mwanayo ananenepa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere anali mayi Agatha. Anayamba kubwera ku Biwi ndi galimoto yake, kutsika pakati pa amakaniko n'kundiitana mokweza kuti mkazi mnzanga. Anabweretsera Maxon masuti a malemu. Azakhali, amene anatsalira m'nyumba muja maliro atatha, akakhala ndi alendo ochokera kumudzi, mayi Agatha ankanditumizira dalaivala kuti ndikaonekere. Ankandikhazika pasofa, kundithirira tiyi yekha, n'kumauza alendowo kuti aonenso bwino chithunzi cha mnyamata wa a Donald.

Ndi mkazi wanji amakondwa atapeza kuti mwamuna wake anali ndi nyumba ina? Keke imene anandipatsa tsiku lina ndinayamba ndaponyerako galu wa aneba, n'kumuyang'anira tsiku lonse. Galuyo anangobwera kudzapempha ina. Mwanamisi anati mayi ameneyo kaya ndi mngelo, kaya akundiphika pamoto wochepa, ndipo iye angelo a ku Area 47 sanawaonepo.

5

Nkhani ilibe phazi koma imaoloka mtsinje wa Lilongwe osanyowa. Amakaniko a ku Biwi anaipereka kwa makondakitala, makondakitala anaitsitsa pa Kawale. Ndikafika pakiyosiki ya madzi, azimayi ankasiya kulankhula n'kuyamba kutsuka ndowa zotsuka kale. Amayi a Mvano anabwera awiri kudzandichezera popanda wodwala m'nyumba, n'kundiwerengera za mkazi wa ku Samariya.

A Jeremiah anangoyamba kumuyang'ana Maxon pa nthawi ya chakudya, osati kumaso, koma m'mbali mwa mutu. Tsiku lina ndinawapeza pagalasi atagwira khutu lawo, akulikokera kunja kuti aone pamene lingafike. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Koma kuseka kunatha. Anayamba kudya kumsika. Chakudya chimene ndinkawasungira ndinkachipeza m'mawa chili chivundikire. Anasamutsa bulangete lawo kupita pabalaza. Lamulungu lina anapempha mkulu mnzawo kuti awerenge zolengeza m'malo mwawo, iwo n'kukakhala benchi yakumbuyo. Munthu amene anamunyamula Maxon pamsana kupita naye kuchipatala ali ndi chikuku, tsopano ankamuyankha moni ngati mlendo.

Lachitatu lina chakumadzulo, ine nditangofika kuchokera ku Biwi, anabwera kunyumba asanatseke n'komwe benchi yawo kumsika. Anakhala pampando, manja pamaondo.

"Amake Maxon, vulani duku."

Ndinavula. Tsitsi linali litayamba kumera, koma chigamba chinkaoneka. Anachiyang'ana, n'kufunsa kuti ndinameta maliro a yani, poti kwathu ndi kwawo sikunafe munthu.

Ndinawauza zonse, kuyambira nyemba zoonjezera mpaka nsapato m'manja mwa azakhali. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anati nkhani yanga ndi yokoma, ndipo akanakonda kuikhulupirira, koma ali ndi funso limodzi. Ngati ndinali wogulitsa mpunga chabe, n'chifukwa chiyani mkazi wa malemu, munthu wophunzira, wodziwa mayendedwe onse a mwamuna wake, akunditchula mkazi mnzake pamaso pa anthu? N'chifukwa chiyani mng'ono wake anamulandira mwanayo osafunsa ngakhale chaka chimene anabadwa?

Funso lomwelo ndi limene linkandidya ine.

Anati aitana ankhoswe Loweruka, ndipo ngati mwanayo si wawo ndikanene pamaso pa anthu, asafe akulera magazi a eni osadziwa. Anadzuka n'kubwerera kumsika, ataiwala chipewa.

Atachimenti inali itatsala masabata ochepa. Maxon atamva anati asiya, akabweza chipewa choyera, abwereze chaka, bola bambo ake amuyankhe moni. Ndinamuuza kuti palibe amene akusiya kanthu. Matope ndinaponda ndine, ndikasamba ndekha.

6

M'mawa mwake sindinayatse mbaula. Ndinapita ku Area 47 wapansi kuchokera pasiteji, popanda dalaivala. Azakhali anali kuseri akusenda mtedza padzuwa. Mayi Agatha ndinamupeza pabalaza, ndipo sindinakhale n'komwe pansi. Ndinamuuza kuti a Donald sindinawagwirepo ngakhale dzanja, kuti Maxon ndi mwana wa a Jeremiah, kuti banja langa likutha Loweruka, ndipo kuti ndikupita kuseriko kukawauza azakhali zoona. Ndinangopempha chimodzi, kuti mwanayo amulole amalize.

Anadzuka, anandikokera kuchipinda chake, anakhoma chitseko, n'kukweza wailesi.

"Khalani pansi," anatero. "Zimenezo ndikuzidziwa. Ndinadziwa muli pakapeti."

Ndinamufunsa kuti anadziwa bwanji.

"Chifukwa a Donald sankabereka, mayi. Ana anga awiriwa si awo."

Ndinakhala pabedi popanda wondiuza kachiwiri.

Anandifotokozera ndi mawu otsika. Atakwatirana anakhala zaka zambiri opanda mwana, achibale akumuloza chala iye. Madokotala atapima anapeza kuti vuto lili kwa bambo. A Donald eni ake ndiwo anaganiza zotsata njira ya makolo, yolowetsa fisi m'nyumba, mwamuna wina woti abereke m'malo mwawo mwakachetechete. Sanafune munthu wakunja. Anapempha mng'ono wawo, a Kings. Anadziwa ndi anthu atatu okha, ndipo atsikana awiri atabadwa a Donald anawakonda kuposa maso awo.

Koma azakhali ankanunkhiza. Kwa zaka zonsezo ankanong'ona kumudzi kuti mwana wa mlongo wawo anagwa mumpapaya, ndipo atsikanawo atate wawo akudziwika ndi mayi wawo yekha. A Donald atangomwalira, azakhali anafika ndi gulu la amuna a ku Ntchisi, atapangana kale kuti maliro akatha atenga nyumba ndi gawo la malemu mukampani, poti malemu sanasiye magazi. A Kings sakanatha kuwatsutsa osadziulula okha, pomwe nawonso ali ndi mkazi wawo wosadziwa kanthu.

"Ndinali nditayamba kale kuganiza kumene ndikasungitse mipando," anatero mayi Agatha. "Kenako mwalowa inu, kugubuduka, kumbuyo kwanu mnyamata wa makutu. Azakhali eni ake, amene ankati a Donald si mwamuna, ndiwo analengeza pamaso pa mudzi wonse kuti apeza mwana wawo wakunja. Wobereka kunja angalephere bwanji m'nyumba? Mlandu unafera pomwepo. Amuna aja anakwera basi."

Ndiye chifukwa chake tiyi uja. Ndiye chifukwa chake masuti.

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi chitenje.

"Mukapita kuseriko, ana anga agona panja. Mukakhala chete, banja lanu latha. Ndiye titani, mkazi mnzanga?"

Tinayang'anana. Sindikudziwa amene anayamba, koma tinaseka mpaka misozi, titagwirana, nkhope titazikwirira m'mapilo kuti azakhali asamve. Titatha ndinamuuza kuti ine nyumba yake sindikuifuna, masuti akhoza kutenga. Ndikufuna mwana wanga amalize, ndi mwamuna wanga adyenso chakudya changa. Ndipo mwamuna wangayo sangakhulupirire ine. Akufunika kumva kwa eni nkhani.

Anati zimenezo n'zovuta, a Kings sangalole. Ndinadzuka n'kugwira chitseko, n'kumufunsa ngati azakhali akadali pamtedza paja. Anatenga foni.

7

Loweruka ankhoswe anafika m'mawa, wa kwathu ndi wa kwawo, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango nkhope zili gwa. Aneba anapeza zochita pafupi ndi mpanda wathu. Wina anabwera kudzabwereka sefa imene anali atabwereka kale.

Nkhani isanayambe, galimoto yaikulu inalowa m'kanjira kathu, n'kutseka njira yonse. Anatsika mayi Agatha ndi a Kings. Anapereka moni mwaulemu, n'kupempha kuti ayambe alankhula ndi bambo a nyumba paokha.

Analowa m'kachipinda kamene a Jeremiah amasungiramo mawailesi akufa. Ine ndinaima pakhomo ngati mlonda. A Kings, bwana wa malole ndi magireda, anakhala pakampando ka ana, maondo ali m'chibwano, n'kuulula kwa munthu wokonza mawailesi chimene sanauzepo ngakhale mkazi wawo. Ankatuluka thukuta ngati ali pamsewu wa phula. A Jeremiah anamvetsera maso ali pansi, akuzunguza sikuludiraiva m'manja.

Atamaliza, a Jeremiah anafunsa ngati atsikanawo akudziwa. Mayi Agatha anati ayi. Anafunsa ngati ali pasukulu. Anati inde, wina fomu folo, wina fomu thu.

Apa mumvetse chimene chinali pamaso pa bambowa. Akanatuluka n'kuuza ankhoswe ndi aneba zonse, dzina lawo likanayera tsiku lomwelo, koma nkhani ikanafika ku Ntchisi dzuwa lisanalowe. Akakhala chete, Kawale yense apitiriza kuwaona ngati munthu wolera mwana wa eni. Ine sindikanawakakamiza. Ndinali nditawalakwira kokwanira.

Anaika sikuludiraiva pansi. Anati iwo ndi mkulu wa mpingo, bodza sanena, ndipo sayamba lero. Koma palibe lamulo lowakakamiza kuyankha funso lililonse la munthu wodutsa. Kenako anatembenukira kwa a Kings, n'kufunsa mofatsa ngati kampani yawo imalandiranso ana ophunzira zamagetsi, poti wachiwiri wathu, Thokozire, adzafuna atachimenti zaka ziwiri zikubwerazi.

A Kings anati abwere. Anati ngakhale wachitatu abwere.

Anatuluka a Jeremiah n'kukaima pamaso pa ankhoswe. Anawathokoza chifukwa chobwera, n'kunena kuti nkhani yatha. Mkazi wawo ndi wopusa, anatero, koma osati kupusa kumene iwo ankaganiza. Nkhoswe ya kwawo inakwiya, inati sinachokere ku Area 25 kudzamva zimenezo, anthu akufuna kudziwa kuti mwanayo ndi wa yani.

"Ndi wanga," anatero a Jeremiah. "Makutuwo ndi a agogo ake a ku Dowa. Wokayika akawafukule."

Anaitana Maxon, n'kumutuma kukagwira nkhuku yoti alendo adye. Anamutchula dzina lake laubwana, limene anali atasiya kulitchula. Mwanayo anathamangitsa nkhukuyo akupukuta m'maso. Tsiku limenelo a Jeremiah anadya mbale ziwiri.

8

Maxon anamaliza atachimenti, anapita chaka chachinayi. Chaka chotsatira azakhali analamula kuti poika chiliza cha malemu akazi onse awiri akhalepo. A Jeremiah anakana kuti ndipite ndekha. Anavala jekete lawo la kutchalitchi, tinapita. Azakhali atafunsa kuti bamboyu ndani, ndinayankha msanga ndine kuti ndi achimwene anga. Anawakonda kwambiri. Anati munthu wofatsa chonchi sapezeka masiku ano, n'kuwafunsa ngati ali pabanja, poti kumudzi kuli mdzukulu wawo wabwino.

"Ndili pabanja, mayi," anatero a Jeremiah. "Koma mkazi wake ndi wovuta."

Azakhali anawapepesa, n'kuwaonjezera nyama.

Ndalemba izi chifukwa azakhali anatisiya chaka chatha, nyumba ili m'mayina a atsikana aja, ndipo amayi awo anawauza okha zoona atakula. Mayi Agatha wandilola, bola mayina asinthe. Timayenderanabe. Pa ukwati wa mwana wake wamkulu ndinaphika mpunga ndine.

Inu owerenga, musandiyese ngwazi. Dzina langa silinayere lonse. Mpaka lero pakiyosiki pali ena amanditchula mayi Kamphinda ndikatembenuka, ndipo mwamuna wosalakwa anasenza manyazi a anthu atatu kwa zaka, pomwe ine ndikanatha kutsegula pakamwa tsiku loyamba lija. Azimayi anzanga amene ana anu akusaka atachimenti, yendani m'maofesi, pemphani kumpingo, kumzikiti, kwa amalume a anzawo. Mukati mupite kumaliro a bwana, idyani kaye, mukhale kumbuyo, ndipo mwana mumusiye kunyumba.

Koma mawu anga enieni ndi a inu okhala kuseri kwa mageti. Maxon tsopano ali ndi desiki yake, ndipo holide ikafika ana amaima pakhomo pa ofesi yake ndi makalata m'manja. Ndinamuuza chimene ndikukuuzani inu. Mwana wa munthu akabwera kudzapempha malo ophunzirira ntchito, mulowetseni mukadali moyo. Musadikire kuti amake adzachite kukulirani.